Mpira Wonga Papaya

Indiana, Amereka
14 Ogasiti 2022

Okondedwa achemwali a Eunice,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wanga Mervin. Msana wanu uja ukuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti kukutentha ngati ku Nsanje. Ndaganiza zoyambiranso makalata chifukwa foni ya kumalayini kwanuko ndi yongokuwirana. Nthawi yonse imathera pa "mukundimva?" nkhani osakamba.

Ndili ndi nkhani yabwino. Ntchito yosamalira nkhalamba ija ndikugwirabe, koma tsopano madzulo ndimaphunzitsa ana football. Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu ndiye kochi wamkulu. Anandiona ndikuthamanga pa masewera a mpingo n'kundipempha kuti ndizikamuthandiza. Palibe malipiro, ndi zongodzipereka. Anawo ndi a kupulayimale, ena aang'ono moti chipewa chimawatseka maso, ena ndi msinkhu wa Mervin. Amanditchula kuti Coach King. Ine Kingsley wothyola tiyi uja, lero ndikuyenda ndi wezulo m'khosi! Achemwali, chimwalirire mkazi wanga Alesi sindinasekepo ngati mmene ndimasekera pabwalo paja.

Mumuuze Mervin zimenezi. Ndikaona anawa ndimangoona iyeyo. Paja ndinamusiya ali ndi zaka zisanu, akulira pa siteji ya minibasi atagwira thalauza langa. Pano wakwanitsa khumi ndi chimodzi, koma m'mutu mwanga akadali kamwana komwe kaja. Mapepala anga okhalira kuno akangotheka ndimuitanitsa, loya akuti zikuyenda.

Nanga alamu a Jonas abweranso? Ndinamva kuti akukambabe zomutenga mwanayo kupita naye kwa Mphuka. Ndikudziwa kuti pa mwambo wathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo iwo ndi amalume ake enieni, mlongo wake wa malemu Alesi. Sindikukana zimenezo. Koma muwapemphe andipirire. Mwana akakhazikika kwa Mphuka, kumuchotsakonso kudzavuta, ndipo ine wina ndilibe.

Ndine mlongo wanu,
Kingsley

Kumalayini, Thyolo
20 Seputembala 2022

Iwe Kingsley,

Moni kaye, ngakhale ndi moni wa munthu wotopa. Tili bwino. Msana ndi womwewo, dengu la tiyi silimva kuti munthu wakula. Kalata yako inatipeza kudzera ku ofesi ya esiteti.

Koma wandibweretsera ntchito! Chiwerengereni kalata ija m'nyumba muno mulibe mtendere. Mervin wauza sukulu yonse kuti bambo ake ndi kochi wa football ku Amereka. Wauza akapitawo, wauza ogulitsa makala, ngakhale agalu a kwa manejala ndikhulupirira amva. Akaweruka kusukulu ndi kubwalo basi ndi chikulunga chake cha majumbo, kubwerako miyendo ili mbuu, zala zakuphazi zitatha. Aphunzitsi ake a Limbikani amuika nambala naini mu timu ya sukulu, ndipo akuti mwendo wamanzere ndi wako weniweni. Ine za mpira sindidziwa, koma ndikamuona akuthamanga mtima umandipweteka, chifukwa ndi iwe ndendende.

Tandiuza, ndi mpira wanji womenya atavala zipewa? Ana a kumeneko mitu yawo ndi ya mazira?

Tsono nkhani ya a Jonas. Anabwera Loweruka lapitali pa njinga, atamangirira mkoko wa nthochi ndi nandolo. Sanabwere ndi ndewu ayi. Anakhala pakhonde n'kunena modekha kuti, "Alamu, mwana wa mlongo wanga akukulira pa esiteti, malo a eni ake. Tsiku lomwe inu mudzasiye ntchito adzakutulutsani m'nyumba, iyeyu adzalowera kuti? Kwawo ndi kwa Mphuka. Bambo ake maliro a mkazi wawo sanabwere, ndiye adzabwerera mwana?" Ndinawauza za mapepala, iwo anangogwedeza mutu.

Ndinawapempha chaka chimodzi. Avomera. Adzabweranso Ogasiti wa chaka chamawa sukulu ikatsekera, ndipo akuti adzamufunsa mwiniwakeyo kuti asankhe. Ndiye usagone, mchimwene. Mawu akuti "mapepala akangotheka" mwana wawamva mpaka awaloweza.

Mwana wako walemba zake pansipa. Wandiletsa kukonza ngakhale chilembo chimodzi.

Mlongo wako,
Eunice

Ababa, muli bwanji? Ine ndili bwino. Ndili Sitandade 6. Ndagoletsa zigoli zambiri. Chonde munditumizire mpira weniweni womwe timu yanu imamenya, ndi nsapato za mpira. Mu Januwale tikumenya ndi sukulu ya kwa Goliati ndipo mpira wa sukulu yathu unaphulika. Ndawauza kale anzanga kuti mutumiza. Mukadzanditenga ndidzakhala mu timu yanu? Ndine mwana wanu, Mervin.

Indiana, Amereka
6 Novembala 2022

Achemwali okondedwa,

Zikomo chifukwa cha kalata. Kakalata ka Mervin ndakadula n'kukaika m'chikwama chomwe ndimayenda nacho. Muli bwanji nonse? Mvula yayamba? Kuno masamba athothoka, kuzizira kwayamba kuluma makutu.

Zipewazo musaseke. Anawa amagundana zenizeni, ndiye ntchito yanga yaikulu ndi kuwaphunzitsa kugwa ndi kugwetsana popanda kuvulazana: mutu m'mwamba, maso patsogolo, phewa ndilo ligwire ntchito. Mwana akagunda mutu timamutulutsa, kaya alire kaya bambo ake akuwe ali kunja kwa bwalo. Aang'onowo ndi nthabwala zokhazokha. Wina amathamangira mbali ya kwawo komwe, wina amaima pakati pa masewera kumanga chingwe cha nsapato, wina kulira kuti akufuna amayi ake. Poyamba ndinkakuwa ngati kapitawo. Kochi wamkulu anandikokera pambali n'kundiuza kuti mwana sumukalipira uli chiimire, umagwada kaye kuti maso anu alingane. Bondo langa lachita chikanga ndi kugwada.

Pali kamnyamata kena dzina lake Keith, ka msinkhu wa Mervin. Bambo ake anachoka kalekale, amayi ake amagwira ntchito ziwiri, ndiye nthawi zambiri tikaweruka ndimakaperekeza ine kwawo. Kanali ndi vuto limodzi. Kakamaponya mpira kankaponyera pomwe mnzake ali, pamene mnzakeyo akuthamanga. Mpira pofika, munthu wadutsa kale. Ndinalimbana nako mpaka kanamva kuti suponya pomwe mnzako ali, umaponya pomwe akhale mpira ukamafika. Dzulo pa masewera otsiriza a chaka chino kanaponya ndendende, mnzake n'kuwakha, tinapambana. Kanandithamangira n'kundikumbatira, ine misozi ndinalephera kuigwira pamaso pa makolo onse.

Anawo anandipatsa mpira wa masewerawo atalembapo maina awo. Chinthu chamtengo kuposa chimenechi kuno ndilibe, ndiye ndi chimene ndikumutumizira Mervin, pamodzi ndi nsapato. Saizi ndangoyerekeza. Mayi Lestina a ku Luchenza akubwera kumudzi pa Khirisimasi, atenga ndi iwowo. Mpirawo ndauphwetsa kuti ukwane m'chikwama, mukaupopetse.

A Jonas muwathokoze chifukwa cha chakacho. Loya akuti tidikirebe.

Ndine,
Kingsley

Kumalayini, Thyolo
22 Januwale 2023

Kingsley,

Moni. Tili moyo. Tiyi wachuluka, tikulowa m'munda m'bandakucha mvula ili pamsana.

Katundu wako anafika. Mayi Lestina anachedwa ndi maukwati ku Blantyre, anadzatipatsa Lachisanu, mawa lake kuli masewera aja ndi a kwa Goliati. Mervin sanadye n'komwe. Ananyamula chikopa chophwa chija, anzake onse pambuyo ngati ukwati, ulendo kwa a Happy okonza njinga. Nane ndinalondola, ndimati ndione nawo za ku Amereka. A Happy anapopa. Chinthu chija m'malo mozungulira chinayamba kutalika. Anapopanso, chikusongoka uku ndi uku ngati papaya. Iwo amvekere, "Chapindika ndi ndege ichi, dikirani chiwongoke." Anachiponda, anachikhalira, anachiika padzuwa kuti chifewe. Ayi ndithu, papaya ndi papaya.

Mervin anati mwina mpira wa ku Amereka umazungulira ukayamba kumenyedwa. Anauika pansi, anabwerera m'mbuyo, n'kuumenya ndi mwendo wamanzere uja. Unadumpha kumanja, kenako kumanzere ngati chule woledzera, n'kukagwera m'ngalande. Ana anagwa nalo phwete. Ngakhale a Limbikani, munthu wamkulu, anatembenuka kubisa mano. Ndi iwowo amene anatiuza kenako kuti uwu ndi mpira wina, woponya ndi manja, anauonapo pa kanema. Wina anakuwa kuti, "Bambo ake ndi kochi wa mapapaya!" Basi dzina linamumatirira pomwepo. Pano sukulu yonse ikumutchula Papaya. Masewera aja anamenya ndi mpira wa alendo omwewo, ndipo Mervin sanapite. Anati mutu ukumupweteka.

Iwe Kingsley, chinakuvuta n'chiyani kunena? Unkalemba za kuponya, ife tinkati ukuphunzitsa magoloboyi. Football kuno ndi imodzi, unaimenya wekha pa bwalo la kufakitale wopanda nsapato. Waiwala?

Nsapatozo ndi zokongola, koma ndi za mwana wa Sitandade 2. Phazi la mwana wako likulingana ndi langa. Anayesa kulikakamiza mpaka chidendene chinasupuka, kenako anakazibisa kunsi kwa bedi.

Koma chimene chamulasa kwenikweni si kusekedwako. Paja Mervin Chingerezi amawerenga. Anakhala pakhomo akuutembenuza mpira uja, kuwerenga maina limodzilimodzi, kufuna lake. Sanalipeze. M'malo mwake anapeza pomwe Keith wakoyo analemba kuti iwe ndiwe bambo ake achiwiri. Anandifunsa kuti, "Azakhali, ababa ali ndi mwana wina?" Ndinati ayi, ameneyo ndi mwana wa eni ake. Iye amvekere, "Nanga bwanji iyeyo amamuperekeza kwawo?" Pamenepo ndinalowa m'nyumba kuti asaone nkhope yanga.

Pa foni yako ya dzana ndinakunamiza kuti Mervin wapita kumjigo. Analipo, sanafune. Tsopano ulembere iyeyo, osati ine.

Eunice

Indiana, Amereka
26 Febuluwale 2023

Mwana wanga Mervin,

Uli bwanji? Azakhali ako andiuza zonse. Pepa mwana wanga. Ndakhala kuno mpaka khutu langa lazolowera. Akati football ine ndimaona mpira wosongokawo, ndipo sindinaganize kuti iwe ukuona wina. Kuno mpira wathu uja amautchula dzina lina. Ndakuchititsa manyazi pamaso pa anzako, ndipo zandiwawa kwambiri.

Mpirawo sunapindike. Anaupanga dala choncho kuti uziboola mphepo. Tamvera ndikuphunzitse monga ndimaphunzitsira anawa. Pamimba pake pali ulusi woyera wosokedwa. Ika zala zako pa ulusiwo, chakumbuyo kwa mpira, chala chachikulu chikhale pansi. Usaufinye, pakati pa chikhato ndi mpira pazitsala kampata. Ima chammbali ngati ukufuna kugenda mango. Ukweze mpaka pakhutu, ponda ndi mwendo wakutsogolo, ponya, ndipo chala cholozera chikhale chomaliza kuusiya. Ukachita bwino uzipita ukuzungulira ngati nguli, osagwedezeka. Poyamba uzigwa ngati nkhuku yoponyedwa m'mwamba. Usataye mtima, onse amayamba choncho, ngakhale ine. Ndaika dzanja langa kuseri kwa pepalali n'kulizunguliza ndi cholembera, ndipo ndaika timadontho pomwe ulusi uzikhudza.

Tsono za Keith. Ndi mwana wabwino, koma si mwana wanga. Dzina lako palibe pampirapo chifukwa ine ndinkaona kuti mpira wonsewo ndi wako. Ana onse a mu timu amakudziwa. Chithunzi chako chili pa foni yanga, ndipo amandifunsa kuti Mervin abwera liti. Keith ndimamuperekeza chifukwa ndimadziuza kuti mwina kumeneko nakonso wina akukuperekeza iwe.

Nsapato zina ndi mpira wozungulira ndidzatumiza akapezeka wobwera kumudzi. Undilembere saizi yako. Tsiku lina tidzaima pabwalo limodzi, iwe uko ine kuno, tidzaponyerana mpaka mkono kuwawa. Undidikire.

Bambo ako,
Kingsley

Kumalayini, Thyolo
30 Epulo 2023

Kingsley,

Moni mchimwene. Tapulumuka, monga ndinakuuzira pafoni. Namondwe wa Freddy uja ife anatisiya ndi denga, koma kwa Mphuka nyumba ya a Jonas inagwa khoma limodzi, munda n'kukokoloka.

Kalata ya Mervin imene umanena kuti ili m'njira, mpaka lero kuli zii. Misewu inaduka, akutiuza kuti tidikire. Poyamba mwana ankadzera ku ofesi pochokera kusukulu kukafunsa, mpaka kalaliki anayamba kumubaibitsa asanafike pazenera. Pano wasiya. Ndikamuuza kuti bambo ako analemba ndithu, amangoti "eya" ngati ndikumunyengerera. Pafoni ndiye ukudziwa wekha, akangomva kuti ndiwe amatuluka. Ndayesa kumugwira mkono, koma si mwana wonyamulanso. Mpira kusukulu wasiya. A Limbikani anabwera kawiri kudzamunyengerera, iye akuti sangamenye bwalo lonse likukuwa "Papaya".

Pa holide ya Isitala anapempha yekha kupita kwa Mphuka kukathandiza amalume ake kudzutsa khoma lija. Ndikanamukaniza bwanji? Wabwerako munthu wina. A Jonas anamugulira mpira wapulasitiki wa pamsika, wotchipa, koma wozungulira. Madzulo ankapita naye kubwalo, iwo n'kuima pagolo ndi mimba yawo ija, iye n'kumamenya. Akamafotokoza amaseka mpaka kugwira nthiti, kuseka komwe kuno ndinakuiwala. Kumeneko palibe akudziwa za Papaya, amamutchula mwana wa Alesi. Anamuonetsanso manda a mayi ake, ndipo analambula yekha.

Papaya wako, mpira uja, ali pamwamba pa kabati, akuchita fumbi. Ndimafuna kumutaya koma dzanja limakana.

Ogasiti sali patali. Ngati uli ndi nzeru ina, nthawi yake ndi ino. Ukanabwera ngakhale sabata imodzi yokha, akuone ndi maso, amve fungo lako. Ine ndayesetsa mbali yanga, koma azakhali si bambo.

Mlongo wako,
Eunice

Indiana, Amereka
11 Juni 2023

Achemwali,

Muli bwanji? Ine thupi lili bwino, koma kalata yanu yandisiya wopanda mphamvu. Ndaiwerenga ku ntchito ndikudyetsa nkhalamba ina phala, mpaka inandifunsa kuti ndani wamwalira.

Kubwera sindingathe. Ndikatuluka dziko lino mapepala asanatheke, chitseko chitsekeka kwa zaka zambiri. Zonse ndavutikirazi zithera pomwepo, ndi ulendo wa Mervin womwe. Ndi chifukwa chomwechi ndinalirira Alesi pafoni. Ndikhale, mwana andithawa. Ndibwere, ndidzamupatsa chiyani, dengu la tiyi? Mutu wanga waima, achemwali.

Chonde muwapemphe a Jonas chaka china. Muwauze kuti mwana sindinamuthawe. Muwauzenso kuti ndathokoza chifukwa cha mpira anamugulirawo, ngakhale mawu amenewa andivuta kulemba.

Mu Ogasiti tiyambanso masewera. Kochi wamkulu akufuna ndikwere ndi gulu la Keith, la ana okulirapo. Ndavomera, chifukwa madzulo ndikakhala ndekha m'nyumba ndimaganiza zoipa. Koma dzana nditatulutsa wezulo mu dirowa ndinangoiyang'ana n'kuibwezera.

Kalata ija yafika? Ngati ayi ndiuzeni ndilembenso.

Kingsley

Kumalayini, Thyolo
20 Ogasiti 2023

Mchimwene wanga Kingsley,

Moni. Ukhale pansi kaye usanawerenge. Palibe maliro, usaope, koma nkhani si yabwino. Pafoni ndalephera kukuuza, n'chifukwa chake ndakhala osayankha.

Kalata ya Mervin ija inafika mu Julayi, envulopu itanyowa n'kuuma yokha. Anakaiwerengera kuseri kwa nyumba. Mawa lake mpira pakabati panalibe. Madzulo ankazemba nawo atauphimba ndi juzi, kupita kumsewu wa mathirakitala pakati pa tiyi, kumene anzake safika. Ndinamuona tsiku lina ndikuchokera kusikelo ya tiyi. Sindinamuitane. Mumtima ndinati basi tapambana, mwana wabwerera kwa bambo ake. Ndinafulumira kusangalala.

A Jonas anafika Lachinayi pamodzi ndi a Ester, mng'ono wake wa Alesi. Ndinapempha chaka china monga unandituma. Ndinachita kugwada, ine munthu wamkulu, ndi msana wanga womwewu. A Jonas anati, "Alamu dzukani, sitinabwere kudzalanda. Tinagwirizana kuti tidzamufunse mwiniwake." Anamuitana n'kumufunsa pamaso pathu tonse kuti, "Mervin, ukhala kuno kudikira bambo ako, kapena tizipita kwanu?" Mwana anayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala chakuphazi. Kenako anatembenukira kwa ine n'kuti, "Azakhali musakhumudwe. Ndatopa ndi kudikira."

Sindinamukalipire, ndipo iwenso usayerekeze. A Jonas sanamunyengerere, ndinalipo. Anachita kunena okha kuti tsiku lomwe bambo ake adzatulukire, mwanayo adzafunsidwanso. Koma adzakhala ali ndi ndevu nthawi imeneyo.

Unandilembera wekha kuti Keith unamuphunzitsa kusaponya pomwe mnzake ali. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma zimenezo ndinazimva. Nanga iwe mphunzitsiwe? Nsapato unagulira kamwana komwe unakasiya pa siteji. Kalata inafika mwini atadutsa kale. Sindikukunyoza, mchimwene, ndikulira nawe. Ndamulera chimwalirire mayi ake. M'mawa uno ndatulutsa makapu awiri mwachizolowezi, ndiye ndakhala pansi n'kulira ngati chitsiru.

Anyamuka dzulo, iye atakhala pa kaliyala ya njinga ya amalume ake, chikwama cha sukulu pamiyendo. Anandibaibitsa mpaka anakhota pa mabulugamu. Wasiya kalata iyi kuti ndiike mu envulopu yomweyi. Sindinaiwerenge.

Mlongo wako,
Eunice

Kumalayini, Thyolo
18 Ogasiti 2023

Ababa,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Ndakhoza, ndikupita Sitandade 7. Saizi yanga ndi 6 koma musavutike, amalume akuti agula.

Kalata yanu ndinalandira. Ndinaika dzanja langa pa dzanja lomwe munajambula lija. Latsala pang'ono kulingana.

Ndinachita zonse zomwe munanena. Poyamba unkagwa ngati nkhuku, zoona. Pano ndimatha. Umapita ukuzungulira osagwedezeka, kuchokera pa chitsa cha bulugamu mpaka pa kamlatho. Ndikanakonda mukanaona.

Koma ababa, mpira umenewu ndi wovuta. Wathu uja ukakhala wekha umamenya pakhoma ndipo umabwerera. Uwu ukaponya umakagwera mu tiyi, upite wekha ukautole, uponyenso, ukautolenso. Ndinayesa pakhoma la sitolo ya feteleza koma umathawira kumbali. Anzanga sindingawapemphe. Azakhali ali ndi msana. Umafuna pakhale munthu wina woima uko.

Ndikupita kwa Mphuka. Sikuti ndakwiya ayi. Mpira ndawasiyira azakhali kuti mayi Lestina akadzabwera pa Khirisimasi adzakutengereni. Ndaupukuta fumbi. Ndalembapo dzina langa kunsonga, panali kampata.

Mumupatse Keith. Iye ali naye woponyerana naye.

Ndine,
Mervin